Chimanga Chimalola Opanda Mano: Mbiri ya Muyeso wa Chakudya kwa Nchilamwela

Akuluakulu akale adati chimanga chimalola opanda mano. Ponena mawu amenewa ankadandaula kuti mwayi umakonda kugwera munthu amene sangathe kuudyerera: nkhalamba yotsala ndi usinini wokha ndiyo imadzaza nkhokwe, pomwe mnyamata wa mano akuthwa akugona ndi njala. Mwambi umenewu wapeza malo atsopano m'mabanja ambiri ochokera kwa Nchilamwela, m'boma la Thyolo. Agogo awo adathyola tiyi pamvula m'mimba mulibe kanthu, akulakalaka shuga, mafuta ndi nyama. Adzukulu, ena ali ku Blantyre, ena ku Lilongwe, ena ku Johannesburg, ndalama zogulira zonsezo ali nazo, koma adokotala adawaletsa. Amatumizirana pa foni maphikidwe a zakudya zosanenepetsa, nawerengetsera makalori a chilichonse cholowa m'kamwa, ndipo ambiri amayesa kuti kuyeza chakudya ndi nzeru yachilendo yongobwera dzulo.

Zoona zake n'zakuti kwa Nchilamwela chakudya chakhala chikuyezedwa kuyambira kalekale. Chimene chakhala chikusintha ndi dzanja logwira muyesowo pamodzi ndi cholinga chake. Poyamba adali mayi ndi chipande chake, kuyeza kuti nkhokwe ifike masika ena. Kenaka kudadza kapitawo wa pa esiteti ndi chitini cha phoso, kuyeza kuti wantchito asakomoke mgwazo usanathe. Tsopano ndi mdzukulu ndi sikelo yake, kuyeza kuti thupi lisalemetse mtima. Pakati pa miyeso itatuyi pali amayi omwe sadaleke kuphunzitsana kaphikidwe, ndipo nzeru zawozo ndizo adzukulu akuzifunafuna lero.

Chipande cha mayi

Dera la Mfumu Yaikulu Nchilamwela ndi lomwe kuli likulu la boma la Thyolo, ndipo lazingidwa ndi minda ya tiyi. Tiyi asanabwere, mapiri amenewa adali a nkhalango zowirira, ndipo eni dziko la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire adali Amang'anja. David Livingstone atadutsa m'mapiri a chigawochi mu 1859 adapeza anthu akulima mapira, mawere, nyemba, mtedza, maungu, mbatata, chinangwa ndi chimanga, kuwonjezera pa thonje. Chimanga chidali chisanakhale mfumu ya m'munda monga chilili lero. Icho, chinangwa, mbatata ndi mtedza ndi mbewu zochokera ku America, zomwe zidafika mu Africa ndi zombo za Apwitikizi chitadutsa chaka cha 1500, ndipo padapita mibadwo zisanakankhire pambali mapira ndi mawere.

M'mudzi wa masiku amenewo mwamuna ankaluka nkhokwe ndi kuifolera, koma kutapamo kudali kwa mkazi. Iye ankadziwa malichero okwanira banja lake pa mwezi, ndipo ankayerekeza msinkhu wa chakudya chotsala m'nkhokwe ndi miyezi yotsala kuti zam'munda ziche. Nthawi ya masika nsima inkaphikidwa kawiri pa tsiku. Mvula ikagwa, pansi pa nkhokwe n'kuyamba kuoneka, mayi ankachepetsa moto: nsima kamodzi madzulo, masana ana n'kudalira bowa, ngumbi, zipatso ndi maungu oyamba kukhwima. Poomola, chipande chidali sikelo yake. Mtanda wa munthu wochokera kumunda sunkafanana ndi wa mwana wongosewera pabwalo, ndipo mayi woyamwitsa ankakumbukiridwa mwapadera. Nsima yotsala sinkatayidwa. Inkagona ngati mkute, m'mawa ana n'kuiwotcha pamakala.

Mayi yemweyo ankaonera patali za chilimwe. Masamba akachuluka m'dzinja ankafutsa nkhwani, khwanya ndi chitambe, kuziyanika padzuwa ndi kuzimanga m'zikwatu za masamba a msuku, kuti mwezi wa Okutobala usadzam'peze wopanda ndiwo. Chakudya sichinkadyedwa mobisa. Amayi a mbumba imodzi ankatulutsa mbale zawo n'kuziika pamodzi, amuna paokha, akazi ndi ana paokha, mwambo womwe akale ankautcha chidyerano, mawuwa asanapatsidwe matanthauzo ena. Pamenepo wopanda ndiwo ankadyera kwa mnzake popanda manyazi, chifukwa kupatsa n'kuika. Pamenepo ndiponso mtsikana ankalawa thelere la azakhali ndi chipere cha agogo, n'kufunsa m'mene adaphikira.

Mlendo adza ndi kalumo kakuthwa

Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, ndipo makamaka chitadutsa chaka cha 1900, Alhomwe adayamba kuwoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa misonkho, nkhondo ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi. Adafika ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Thyolo atapeza kuti malo aakulu adatengedwa kale ndi makampani a Azungu, monga British Central Africa Company, yomwe idali ndi malo ochuluka zedi m'boma lomwe atsamunda ankalilemba kuti Cholo. Ofika kumenewo ankatchulidwa ndi dzina lonyoza lakuti Anguru, mpaka pomwe Lewis Bandawe ndi anzake adakhazikitsa bungwe la Alhomwe mu 1943 ndi kulimbikira kuti boma lisiye dzinalo.

Anthu amenewa adabwera ndi luso lotha kukhala ndi moyo pa kamunda kakang'ono. Ankadziwa kusamala chinangwa, mbewu yomwe imadikira m'nthaka mpaka tsiku la njala. Ankachisenda, kuchiyanika n'kukhala makaka, omwe amasungika miyezi yambiri, ndipo amaphikidwa pamodzi ndi nandolo kapena kusinjidwa n'kukhala ufa. Masamba ake, chigwada, ankawasinja mumtondo n'kuwaphika nthawi yaitali. Nandolo ankamubzala pakati pa chimanga. Chimanga chikakololedwa iye amatsala chiimire, mizu yake ikumwa madzi akuya, ndipo amabereka m'miyezi yozizira pomwe nyemba zina zatha. Wauwisi ankaphikidwa ndi makoko ake omwe n'kukhala makata, chakudya chotolatola pocheza. Wouma ankapereredwa pamphero n'kuphikidwa chipere.

Chodziwika koposa ndi kalongonda. Nyemba imeneyi ndi mbale wake wa chitedze, ndipo ili ndi mankhwala otchedwa L-dopa, omwe madokotala amapatsa odwala nthenda yonjenjemera ya Parkinson. Munthu akadya kalongonda wosapsa bwino amasanza, amachita chizungulire, ndipo mutu umasokonekera. N'chifukwa chake kuphika kwake ndi ntchito ya tsiku lathunthu kapena kupitirira: kuwiritsa, kuchotsa makoko, kutsuka, kuwiritsanso, kutaya madzi akuda, kuthira ena, mpaka madzi atayera. Palibe mtsikana adaphunzira zimenezi payekha. Ankakhala pambali pa agogo ake kuyang'anira mphika, pakuti safunsa adadya phula, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero kalongonda amadyedwa monyadira pa chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde, m'boma la Mulanje, chomwe chidayamba kuchitika mu 2008, koma kale adali chakudya chopulumutsira ana m'chaka choipa.

Tiyi ndi chitini cha phoso

Mbewu ya tiyi idayesedwa koyamba pa mishoni ya Blantyre mu 1878, ndipo mu 1891 Henry Brown adaibzala ku Mulanje. Ku Thyolo idafika cha m'ma 1908, chaka chomwe njanji yodutsa pa Luchenza idafika ku Blantyre. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 minda idakula. Maina monga Satemwa, yomwe adaiyambitsa Maclean Kay mu 1923, Conforzi, Naming'omba, Nchima ndi Makwasa adakhala maina a malo omwe anthu ankabadwirako ndi kuikidwako. Wokhala pa malo a esiteti ankalipira ndi thukuta lake, mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho wa nyumba, ngakhale kuti miyeziyo inkatalikitsidwa kawirikawiri. Imeneyi ndiyo thangata, mawu omwe kale ankatanthauza kuthandizana kwa abale pa ntchito.

Tsoka la wothyola tiyi lidali m'kalendala. Tiyi amaphukira kwambiri kuyambira Disembala mpaka Epulo, miyezi yomwe munda wa munthu umafuna khasu, yomwenso nkhokwe imakhala itauma. Esiteti inkafuna manja onse pa nthawi yomwe banja linkawafunanso. Kuti anthu abwere ndi kukhalitsa, eni minda ankapereka phoso: ufa wa chimanga, nyemba pang'ono ndi mchere, zoyezedwa ndi chitini pamzere, kapitawo ali ndi buku m'manja. Ambiri ochokera ku Mozambique ankabwera nyengo yamvula chifukwa cha phoso lomwelo. Wolemba mbiri Robin Palmer, amene mu 1986 adafalitsa kafukufuku wa moyo wa antchito a m'minda ya tiyi ya Nyasaland kuyambira 1930 mpaka 1953, adaonetsa kuti malipiro adali otsika, nyumba zosalongosoka ndi chakudya chosakwanira, ndipo antchito ankayankha ndi mapazi, kuthawa esiteti yowawa kupita ina kapena kubwerera kumunda kwawo.

Chitini chidasiyana ndi chipande pa chinthu chimodzi chachikulu: sichinkadziwa nkhope. Sichinkafunsa ngati mayi ali ndi pakati, ngati mwana wadwala, ngati kwabwera alendo. Ndiponso ufa wa phoso udali mgaiwa, chimanga chongogayidwa ndi madeya ake omwe. Kumudzi ulemu wa mkazi udali ufa woyera, wokonola, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka, kusinja, kusefa ndi kuyanika pamphasa mpaka kuwala ngati thonje. Mgaiwa udasanduka chizindikiro cha munthu wodyetsedwa ndi ena: wa pa esiteti, wa kundende, mwana wa sukulu yogonera komweko. Kunyozeka kwa mgaiwa komwe kudakalipo m'mabanja ena kudachokera kumeneko.

Kalori afika ku Nyasaland

Pamene kapitawo ankayeza ndi chitini, kutsidya kwa nyanja akatswiri adali atapeza muyeso wina. Kalori, monga amawerengedwera pa zakudya, ndi kutentha kokwanira kukweza lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi. M'zaka za m'ma 1890 Wilbur Atwater wa ku America adayeza mphamvu ya zakudya zosiyanasiyana, napeza kuti galamu imodzi ya zokhutitsa kapena zomanga thupi imapereka makalori 4, pomwe galamu imodzi ya mafuta imapereka 9. Cholinga choyamba cha muyeso umenewu chidali kudziwa m'mene angadyetsere antchito, asilikali ndi amphawi mokwanira pa mtengo wotsika. Mu 1918 dokotala wina wamkazi, Lulu Hunt Peters, adalemba buku lomwe lidaphunzitsa anthu olemera kuwerenga makalori kuti achepetse thupi. Motero kuyambira pachiyambi kalori adali ndi nkhope ziwiri, ina yoyang'ana wanjala, ina yoyang'ana wokhuta.

Ku Nyasaland idayamba kufika nkhope yoyang'ana wanjala. Mu 1938 ndi 1939 gulu lotsogozedwa ndi Dr B. S. Platt lidakhala m'midzi itatu ya m'boma la Nkhotakota, kuyeza pa sikelo ufa, ndiwo ndi mowa womwe, mwezi ndi mwezi. Zomwe adalemba zidatsimikizira zomwe mayi aliyense ankazidziwa kale, kuti chakudya chimakwera ndi kutsika motsata nyengo, ndi kuti ndiwo zamasamba, zam'munda ndi zakutchire, ndizo zimasunga thanzi la mudzi. Mmodzi mwa a gululo, Jessie Williamson, adapitiriza kufunsa amayi maina a zomera ndi kaphikidwe kake, ndipo mu 1955 adatulutsa buku lotchedwa Useful Plants of Nyasaland. Zambiri za m'bukumo zidachokera pakamwa pa amayi osadziwa kulemba.

Ku Thyolo kudalinso chiphunzitso china cha kadyedwe. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa, yomwe a Seventh-day Adventist adaitenga mu 1902, inkaphunzitsa kudziletsa pa zakudya ndi zakumwa, kulimbikitsa masamba, zipatso ndi nyemba, ndi kuletsa mowa, fodya ngakhalenso tiyi, pamene mishoniyo idali pakati pa minda ya tiyi.

Njala ya 1949 ndi malalanje a 1953

Mvula itadula kumapeto kwa 1948 ndi kumayambiriro kwa 1949, chigawo chakummwera chidagwa m'njala yomwe okalamba ankawerengera nayo zaka zawo. Idawawa koposa m'boma la Blantyre, cha ku Lunzu ndi Lirangwe, koma mantha ake adafika paliponse. Megan Vaughan, m'buku lake la mu 1987 lonena za njalayi, adalemba m'mene amuna ena adachokera kukafuna chakudya osabwereranso, ndi m'mene kudyera pamodzi kudaphwasukira, banja lililonse n'kumadyera m'nyumba chitseko chili chotseka. Chaka chimenecho munthu wokhala ndi tikiti ya ntchito adali ndi podalira, ndipo chitini chonyozeka chija chidasunga miyoyo. Omwe adali ndi chinangwa m'nthaka ndi nthochi m'zigwa adapirira kuposa odalira chimanga chokha.

Patangopita zaka zinayi, mu Ogasiti 1953, chipwirikiti chidabuka pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, anthu atagwidwa pa nkhani ya malalanje. Mkwiyo wa thangata, kusowa kwa malo olima ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chidakakamizidwa chaka chomwecho, zidasonkhezera motowo. Zipolowe zidafalikira ku Thyolo ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu 11 adaphedwa. Pambuyo pake boma lidafulumiza kugula malo kwa makampani, ndipo thangata idathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Komabe malo sadachuluke. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo, ambiri mwa iwo akulima timinda topanikizika pakati pa tiyi ndi mapiri.

Sukulu ya pamtondo

M'malaini a pa esiteti munkakumana anthu omwe kumudzi sakadakumana: Mlhomwe, Mmang'anja, Myao, Mngoni ndi Msena, khomo kuyang'anizana ndi khomo. Mtondo udali umodzi, chitsime chimodzi, ndipo moto ankapalana. Funso lakuti, “Achemwali, zija munandipatsa dzulo munaphika bwanji?” ndilo lidali chiyambi cha phunziro. Popanda buku, popanda sikelo, maphikidwe ankayenda m'kambale kophimbidwa ndi kansalu, ndipo kambaleko sikankabwerera kopanda kanthu.

Vuto lomwe amayiwa ankalimbana nalo lidali lakuti munthu wochoka m'bandakucha ndi dengu kumsana adye chiyani choti chikhale m'mimba mpaka dzuwa litapendeka, chosafuna mafuta ogula, chosasasa msanga. Mayankho awo ndi awa. Mbatata ankaikwirira m'phulusa lamoto usiku, m'mawa n'kuinyamula yofunda. Futali ankaphika ndi mbatata, chinangwa kapena maungu, zikafewa n'kuthira nsinjiro ndi kamchere, n'kusiya kuti zigwirane. Mkate wa nthochi ankaukonza posinja nthochi zakupsa pamodzi ndi ufa wa chimanga, kukulunga m'masamba a nthochi ofewetsedwa pamoto, ndi kuwiritsa mumphika. Ankakhala masiku angapo osaonongeka, choncho adali kamba wa paulendo. Chigumu, chomwe ena amati chikondamoyo, chinkafuna mgaiwa, nthochi ndi soda pang'ono, mphika n'kuikidwa makala pansi ndi pachivundikiro. Chimanga chouma ankachikazinga paphale pamodzi ndi mtedza kapena nthanga za maungu. Thobwa ankalikonza ndi phala la chimanga ndi chimera cha mawere kapena mapira, ndipo kutsekemera kwake kunkachokera ku chimeracho.

Nthochi ndiyo idali shuga wa anthu a ku Thyolo. Zigwa za ku Thekerani ndi Molere zinkadzaza malole opita ku Limbe ndi Blantyre. Matenda a chisaka, omwe adaoneka m'Malawi m'zaka za m'ma 1990, adafalikira mpaka kupululutsa minda yambiri ya m'bomali pofika m'zaka za m'ma 2010, ndipo misika idayamba kulandira nthochi zochokera ku Tanzania ndi Mozambique. Alimi adalangizidwa kuzula zodwala ndi kubzala mbewu yatsopano. M'zaka zimenezo ana ambiri adakula osaona mkate wa nthochi ukuphikidwa pakhomo, ndipo m'malo mwake mudalowa mabisiketi ndi zokazinga za m'mapaketi.

Ichi chakoma, ichi chakoma

Dziko litalandira ufulu mu 1964, zinthu zomwe kale zidali za pa Khirisimasi zidayamba kutsikira kwa anthu wamba. Fakitale ya shuga ya ku Nchalo idayamba kugaya nzimbe mu 1966. Zigayo zidafika m'misika ya kumidzi, mafuta ophikira adayamba kugulitsidwa m'timiyeso tating'ono, ndipo pa tsiku la malipiro zipata za esiteti zinkadzaza ndi mandasi, zitumbuwa, masikono ndi zakumwa za m'mabotolo. Pambuyo pake padadza chiwaya cha tchipisi pa siteji iliyonse. Tiyi weniweniyo alibe makalori oti n'kuwerenga. Cholemera m'kapu ndi masupuni a shuga omwe munthu wokulira m'kusowa amathira mosaumira, ngati kubwezera zomwe adamanidwa.

Kunenepa kudali ulemu. Mkazi wonenepa ankaonetsa kuti akusamalidwa, ndipo mimba ya bambo inkatchedwa ya mabwana. Mliri wa Edzi udalimbitsa maganizo amenewa, pakuti m'zaka za m'ma 1990 munthu akaonda anthu ankanong'onezana. Ku Thyolo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa pa chipatala cha boma mu 2003 mothandizidwa ndi bungwe la Médecins Sans Frontières, koma mantha a kuonda sadathe msanga. Mdzukulu amene lero akuchepetsa thupi mwadala asadabwe agogo akamuyang'ana ndi nkhawa namuwonjezera mtanda. Maso awo adaona zambiri.

Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la World Health Organization wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 5 mwa 100 alionse adali ndi matenda a shuga. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse adali onenepa mopitirira muyeso, pomwe ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu adali opinimbira. Mavuto awiriwa amatha kupezeka m'banja limodzi, azakhali a m'tauni akumwa mankhwala a shuga, mwana wa mlongo wawo kumudzi akupinimbira.

Ngakhale chitini cha phoso chidafunika kukonzedwa. Mu 2015 bungwe la Tea Association of Malawi pamodzi ndi ogula tiyi akunja ndi mabungwe ena adasainirana pangano lotchedwa Malawi Tea 2020. Mwa zina, ufa wa nsima yamasana ya antchito udayamba kuthiridwa mavitamini ndi michere yofunika m'thupi, ndipo ndiwo zamasamba zidawonjezedwa. Padapita zaka pafupifupi 100 kuti muyeso wa pa esiteti uyambe kufunsa ngati chakudya chikumanga thupi, osangoti chikukhutitsa.

Sikelo ya mdzukulu

Mdzukulu wofuna kuwerenga makalori angapindule poika zakudya za agogo ake pa sikelo yomweyo. Magalamu 100 a mbatata yophika ali ndi makalori pafupifupi 80, pomwe tchipisi cholemera chimodzimodzi chimafika cha m'ma 300, chifukwa cha mafuta. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Chitumbuwa ndi mkate wa nthochi zimachokera mumtondo umodzi, nthochi ndi ufa; kusiyana kwake n'kwakuti china chimasambira m'mafuta, china chimawira m'madzi. Kasupuni ka shuga kali ndi makalori 16, ndipo botolo la chakumwa chotsekemera la mamililita 300 limakhala ndi timasupuni pafupifupi 8. Nthochi yakupsa ili ndi makalori pafupifupi 90 pa magalamu 100, ndipo imabwera ndi zakezake zothandiza m'mimba.

Sikuti zonse zakale n'zopepuka. Mtedza uli ndi makalori oposa 550 pa magalamu 100, choncho muyeso wake ndi kadzanja kamodzi, monga ankagawira agogo. Mapeyala, omwe ku Thyolo amagwa okha m'mitengo, ali ndi pafupifupi 160. Mafuta ake ndi abwino, koma theka limakwana. Thobwa lothiridwa shuga wa m'sitolo lasiya kukhala thobwa la agogo. Ufa wa mgaiwa ndi ufa woyera sizisiyana kwenikweni pa makalori, pafupifupi 360 pa magalamu 100. Phindu la mgaiwa lili m'madeya ndi kamtima ka chimanga, momwe muli mavitamini ndi zomwe zimachititsa kuti chakudya chigayike pang'onopang'ono, munthu n'kukhala wokhuta nthawi yaitali. Ufa womwe udali chizindikiro cha ukapolo ndi womwe achipatala akulangiza odwala shuga lero.

Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mbale ya makaka ndi nandolo, pambali pali chigwada chotendera, kenaka papaya, yakwanitsa kale magulu ambiri mwa amenewa. Pangotsala kausipa kapena dzira. Chofunika kukumbukira ndi nzeru ya chipande, yakuti mtanda umatsata ntchito. Mayi wothyola tiyi tsiku lonse pamtsetse, dengu lili kumsana, amatha mphamvu zochuluka ndipo nsima yake yaikulu ndi yoyenera, asanyozedwe nayo. Mdzukulu wake wokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, wopita ku ntchito pa galimoto, akadya mitanda yofanana ndi ya agogo ake ndiye kuti akudyera ntchito yomwe sadagwire.

Amayi odziwa kutaya madzi a kalongonda pa nthawi yake, kumanga chikwatu ndi kukulunga mkate m'tsamba la nthochi akadalipo kwa Nchilamwela, koma akutha chaka ndi chaka, ndipo zambiri zomwe akudziwa sizidalembedwe paliponse. Mdzukulu wopita kumudzi pa tchuthi angachite bwino kusiya botolo la chakumwa ku sitolo, n'kukhala pansi pafupi ndi mafuwa, kufunsa kuti, “Agogo, kodi futali uja mumayamba ndi chiyani?” Akalemba zomwe auzidwa n'kutumizira abale ake a ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, adzakhala akupitiriza ntchito ya kambale kophimbidwa ndi nsalu kaja. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo chimanga chidakali m'nkhokwe, mano nawonso akadalipo.